Navara ya ku Leeds ija, yambani mwaiona kunsi

Achimwene, mwafunsa ngati pikiapu ya Nissan Navara ya 2007 yomwe mwaipeza motchipa ku Leeds ndi yoyenera kuitumiza kumudzi kuti izikanyamula katundu. Za injini ndi makilomita zisiyeni kaye. Galimoto za kuno ku UK zimayamba kufa kunsi.

Nthawi yachisanu, makamaka kuyambira Novembala mpaka Malichi, malole a khonsolo amamwaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane. Wambiri amaukumba ku Winsford, ku Cheshire. Mcherewo ukasakanikirana ndi matope, matayala amauwaza kunsi konse kwa galimoto. Tsono chasisi ya pikiapu, chimango chachitsulo chomwe chimanyamula galimoto yonse, ndi yamphako, ili ndi timabowo. Matope amchere amalowa mmenemo n'kukhazikika, osauma, chaka ndi chaka. Dzimbiri limayambira mkati, ngati chiswe mu mtanda wa denga: kunja penti ali bwinobwino, mkati chitsulo chatha.

Ndipo mtundu mwasankhawo uli ndi mbiri yake. Mu 2017 nyuzipepala za kuno zinadzaza ndi zithunzi za Navara D40 zitathyoka pakati, pomwe kebini imakumana ndi bodi ya kumbuyo, mpaka Nissan inayamba kuyeza chasisi ulere. Si Nissan yokha ayi. Ku America, Toyota inavomera mu 2016 kulipira ndalama zofika madola 3.4 biliyoni pa nkhani ya dzimbiri la Tacoma, Tundra ndi Sequoia.

Musanakwere sitima ya ku Leeds, lembani nambala ya galimotoyo pa webusaiti ya boma ya gov.uk muone mbiri yake ya MOT (kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka), ndi yaulere. Mukapeza woyeza akudandaula za dzimbiri chaka chilichonse, kenaka chaka chatha zii, dzifunseni kuti labisidwa ndi chiyani. Pa MOT galimoto imalephera ngati chitsulo chadyeka kwambiri mkati mwa masentimita 30 kuchokera pomwe pamangidwa masipuling'i, mabuleki kapena chiwongolero.

Mukafika, valani zakutha, tengani tochi ndi hamala yaing'ono, mulowe kunsi. Gogodani chasisi yonse, makamaka kuseri kwa kebini ndi pogwira masipuling'i a kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira ngwee. Chodyeka chimangoti phu, n'kuyoyoka zikamba zofiira. Pisani chala m'timabowo tija. Onaninso mapaipi a mabuleki. Chomwe ine ndimachiopa kwambiri ndi phula lakuda longopaka kumene, lonyezimira, chifukwa limabisa dzimbiri. Galimoto ya 2007 siikhala yooneka yatsopano choncho kunsi. Wogulitsa akakana kuti mugogode, tsanzikani.

Ena m'gulu muno akuti ikafika kwathu kotentha dzimbiri lisiya, komanso owotcherera alipo. Lichepa liwiro, inde, koma chitsulo chodyekacho sichibwerera, ndipo chigamba sichigwira pa chitsulo chopyapyala. Muwerengere ndalama ya sitima yapamadzi mpaka Dar es Salaam, msonkho wa MRA, kenaka matumba a chimanga pamsewu wa mabampu. Ine ndikanawonjezera ndalama n'kufuna ina ya chasisi yolimba, ngakhale yamakilomita ambiri.