Kupenta mipini ya zida pa kasinja wa 1/35

Achimwene, mwafunsa kuti mipini ya fosholo ndi nkhwangwa pa chidole chanu cha Sherman, kasinja wa ku America, cha 1/35 (chochepa maulendo 35 kuposa kasinja weniweni), mungaipente bwanji kuti ioneke ngati mtengo weniweni.

Ine ndimayamba ndi Tamiya XF-57 Buff, penti yotuwa ngati mchenga wa ku Senga Bay. Ikauma ndimapakapo penti yamafuta ya burnt umber (yabulawuni woderapo) pang'ono chabe, kenako ndimakoka burashi youma motsata utali wa mpini. Timizere totsalirato ndi tomwe timaoneka ngati mtengo. Musafulumire kuigwira. Penti yamafuta imafuna masiku awiri kapena atatu, ngakhale kuno ku Salima kumatentha chonchi. Ine ndinaonongapo mpini wa piki ndi chala chifukwa cha phuma.

Musanayambe, tengani khasu lakale muliyang'anitsitse. Pomwe manja amagwira pamada ndi thukuta ndipo pamasalala, kwinako n'kotuwa. Pamenepo ndi pofunika kudetsa pang'ono.

Dziwaninso kuti zida zambiri za pa akasinja a America zinkapentedwa olive drab, penti yobiriwira ya asilikali, ngati kasinja yemweyo. Mukafuna kutsata zimenezo, mpini ukhale wobiriwira, mtengo uzionekera pomwe penti yanyotsoka basi.