Katoni ya mabuku a zithunzi ili mu ofesi ya ahedi, ndiitulutse?

Funso: Zikomo alangizi. Ndikuphunzira uphunzitsi ndipo panopa ndili pa TP (nthawi yoyeserera kuphunzitsa m'kalasi) pa sukulu ina kufupi ndi Chia, ku Nkhotakota. Andipatsa sitandade 2, ana oposa 100. Mu ofesi ya ahedi muli katoni ya mabuku a zithunzi amene wina anapereka, pafupifupi onse a mlembi mmodzi wa kunja, ndipo ndi a Chingerezi. Aphunzitsi anzanga akuti ndisavutike nawo poti mulibe m'silabasi, komanso mayi wina wandiuza kuti mwana wawo sabwera kusukulu kudzaonera zithunzi. Nditani?

Yankho: Aphunzitsi, itulutseni katoniyo chiswe chisanakutsogolereni. Koma anzanuwo sakunama kwenikweni. Chiyambire National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, mu 2016, phunziro la Chichewa ndi la Chingerezi m'sitandade 1 mpaka 4 lili ndi buku lake ndi ndondomeko yake, ndipo alangizi a ku koleji akabwera kudzakuonererani adzayang'ana zimenezo. Maliwu, maphatikizo ndi kuwerenga mosadodoma musazisiye. Buku la zithunzi lili ndi ntchito ina: kumasula pakamwa pa mwana ndi kumuzoloweza kutsata nkhani kuyambira poyamba mpaka pothera. Mphindi 15, kawiri kapena katatu pa sabata, n'zokwanira.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti mphunzitsi amawerenga chiganizo cha Chingerezi, n'kutanthauzira, n'kuwerenganso china. Pofika tsamba lachitatu akumbuyo ayamba kale kutsinana. Inu muwerenge bukulo nokha kunyumba mpaka nkhaniyo ikhale m'mutu ngati nthano ya agogo. M'kalasi onetsani chikuto chokha, mufunse m'Chichewa: "Uyu ndani? Wakwiya kapena akuopa? Mwadziwa bwanji?" Funso lomalizali ndiye pagona phunziro lonse. Mwana akanena kuti "akuopa chifukwa makutu agwa, ndipo wabisala kuseri kwa mtengo," ndiye kuti wapereka umboni kuchokera m'buku, luso lomwelo limene adzalifune poyankha mafunso a kumvetsa nkhani pa mayeso a sitandade 8. Musanatembenuze tsamba, aloleni alosere chimene chichitike. Akatsutsana asiyeni pang'ono, phokoso lotero si lachabe. Mawu a Chingerezi tolanimo atatu kapena anayi okha pa tsiku, muwalembe pa bolodi, makamaka amene akubwerezedwa tsamba lililonse, ana aziwayimba pamodzi ngati mmene amavomerera "tili tonse."

Zoti mabukuwo ndi a mlembi mmodzi ndi mwayi. Ana sachedwa kuzindikira dzanja la wojambula. Mukafika buku lachitatu mudzamva wina akufuula kuti "kagalu kaja kabweranso!" ndipo kuyambira pamenepo amayamba kuyerekeza nkhani ina ndi inzake osauzidwa. Auzeninso dzina la mlembi, muwaonetse pamene lalembedwa. Ana ambiri sadziwa kuti buku amalemba ndi munthu wodya nsima ngati iwo.

Nanga chimbalangondo ndi sinowo (chipale chogwa m'maiko ozizira) zimene zimapezeka m'mabuku akunja, zinthu zimene mwana wa ku Chia sanazionepo? Musazithawe, koma musachedwepo. Funsani kuti kuno nyama imene anthu amaiopa ndi iti. Mudzamva za ng'ona, komanso za mvuu zimene zimadya mpunga m'dambo, ena adzatchula njovu za m'nkhalango ya Nkhotakota, muja anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Kenaka nkhani yomweyo aifotokozenso itavala zakwathu: bwato, mwera, usipa pa thandala. Buku limene mwaona kuti nkhani yake singakhazikike pano ngakhale pang'ono, libwezereni m'katoni.

Ngati mungalipeze, funani buku lotchedwa Galimoto la Karen Lynn Williams, la mu 1990. Nkhani yake inachitikira kuno ku Malawi: mnyamata Kondi akusakasaka mawaya opangira galimoto yake. Ana akangoliona safuna womasulira, ndipo mawa lake mukhoza kuwauza abwere ndi mawaya ndi zitsekerero za mabotolo pa phunziro la Expressive Arts. Pa foni, tsamba la African Storybook lili ndi nkhani za zithunzi zaulere, zina za m'Chichewa.

Buku limodzi, ana 100, ili ndiye vuto lenileni. Chithunzi chimene chanyamula nkhani chijambuleni chachikulu kuseri kwa kalendala yakale kapena pa pepala la thumba la simenti. Sichifunika kukongola, ana amakhululuka msanga kuposa akuluakulu. Buku lenilenilo muziyenda nalo pakati pa mizere, mutalitsitsa kufika pa maso a mwana wokhala pansi. Tsiku lina gawani mabuku m'magulu pansi pa mtengo wa mango, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake wowerengera mabuku pobweza, ndipo ayambe asamba m'manja. Posunga, ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro imaposa katoni, makamaka dzinja.

Musanayambe, kawaoneni ahedi ndi aphunzitsi amene akukuyang'anirani pa TP, muwaonetse pamene bukulo likukumana ndi mutu wa m'sikimu (ndondomeko ya zophunzitsa pa teremu), ndipo mulilembe pa zipangizo m'pulani ya phunziro. Mukatero simudzaoneka ngati wophunzira wodzimva amene wabwera kudzaphunzitsa akuluakulu ntchito.

Mayi ajawo musakangane nawo. Apempheni kuti madzulo, kondowole ali pamoto, amufunse mwanayo nkhani imene wamva kusukulu, ndipo akamaliza amufunsenso kuti, "Nanga iwe ukanatani?" Pakatha masabata awiri aitaneni adzakhale kumbuyo kwa kalasi tsiku la buku.