Wasankhidwa ku Lilongwe Girls, koma bambo ake akuti asapite

Mayi wina wa ku Kawale walemba motere: "Mwana wanga wamkazi wakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo wasankhidwa kupita ku Lilongwe Girls. Ine mtima uli mbee, koma bambo ake akukana. Akuti sukulu yogonera komweko imadya ndalama, ana amakagona ndi njala, komanso a Fomu 1 amazunzidwa ndi akuluakulu awo. Akuti bola timupezere malo pa sukulu yoyendera kuti azindithandizako pa geni yanga ya mandasi. Mwanayo amalakalaka unamwino. Ndichite bwanji?"

Mayi, poyamba landirani ulemu wanu, mwalera. Ana amene amalemba mayeso a MANEB a Sitandade 8 ndi ochuluka zedi, ndipo malo a m'sukulu za nashonolo ndi ochepa kwambiri. Ambiri mwa osankhidwa amapita ku ma CDSS, ena osasankhidwa n'komwe. Kuti dzina la mwana wanu lituluke pa Lilongwe Girls, sukulu ya boma ya atsikana okhaokha imene imatenga ana ochokera m'maboma osiyanasiyana, ndiye kuti waposa anzake ambirimbiri. Yankho langa ndi lakuti mwanayo apite. Koma nkhawa za bambo akewo si zopanda mutu ayi, ndiye tiyeni tiziunike bwino kuti mukakambirane nawo muli ndi mfundo m'manja.

Malo ngati amenewa sanabwere mwamasewera. Sekondale zoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary mu 1940, Zomba Catholic mu 1942 ndi Dedza mu 1951, zinkadzaza ndi anyamata. Mtsikana wanzeru wa nthawi imeneyo ankathera ku pulayimale, kenako ukwati, ndipo akachita mwayi ankaphunzira kusoka ndi kulera ana ku mishoni. Mipingo ndi boma atayamba kumanga sekondale za atsikana okha, mpamene khomo linatseguka. N'chifukwa chake lero timatchula Likuni Girls kuno kwathu, Ludzi ku Mchinji, Nkhamenya ku Kasungu, Marymount ku Mzuzu, St Mary's ku Zomba, Providence ku Mulanje ndi St Michael's ku Malindi. Ngakhale mu 2008, anthu anaonabe kufunika kotsegula sukulu ya Atsikana Pa Ulendo kumudzi kuno ku Lilongwe. Agogo a mwana wanuyo mwina sanalione khomo limeneli. Mdzukulu wawo waitanidwa ndi dzina kuti alowe.

Anthu akamayamikira sukuluzi amathamangira kunena za mapointi a MSCE ndi aphunzitsi odziwa ntchito. Zoona, koma ine amene ndinaphunzitsako zaka zingapo pa sukulu ina ya atsikana yogonera komweko, ndinaona kuti chuma chenicheni chimene mtsikana amachipeza kumeneko ndi nthawi. Taganizirani tsiku lake ali pakhomo panu. Tambala woyamba akulira, iye ali kale pa mbaula kukuthandizani kukazinga mandasi. Akatero anyamule chidebe kukaima pamzere wa madzi, asese, asambitse mng'ono wake, kenako athamangire ku sukulu mafuta ali m'manja. Madzulo akafika apeza mbale zikumudikira, ndiwo zosaphika, ndipo akamati atsegule kope ndiye kuti maso alemera kale, mwinanso magetsi azima. Palibe amene akumuchitira nkhanza, ndi mmene nyumba zathu zimayendera, ntchito zonse zimagwera mwana wamkazi. Mchimwene wake nthawi yonseyo ali ku mpira. Kogonera komweko belu likalira madzulo, aliyense amakhala pa desiki kuwerenga, ndipo palibe womuitana kuti "tabwera udzavundule nsima". Maola awiri kapena atatu amenewo, tsiku ndi tsiku kwa zaka zinayi, ndiwo amasiyanitsa mwana wa mapointi 12 ndi wa mapointi 30 ngakhale nzeru zawo zili zofanana.

Chinanso sindichiiwala. Ndisanapite ku sukulu ya atsikana ija ndinaphunzitsa kosakanikirana, ndipo tikalowa mu labu anyamata ndiwo ankalimbirana zipangizo, atsikana ataima kumbuyo ndi cholembera, kungokopera zimene anzawo apeza. Nditafika kwa atsikana okhaokha, tsiku lina ndinauza kamtsikana ka Fomu 1 kuti kayatse moto wa gasi wotenthetsera mankhwala. Kanayang'ana uku ndi uku ngati kakufuna mnyamata woti achite, koma kunalibe. Manja akunjenjemera kanakhwatcha machesi, woyamba unathyoka, wachiwiri unazima, wachitatu moto unagwira, ndipo kalasi lonse linaomba m'manja. Pofika Fomu 3 kamtsikana kameneka ndi kamene kankakonzera anzake zipangizo ine ndisanalowe. Pa sukulu yotere mtsogoleri wa ophunzira ndi mtsikana, woyamba pa Masamu ndi mtsikana, woimba ng'oma ku kwaya ndi mtsikana, ndipo mwana amakula osadziwa n'komwe kuti pali zina zimene amati ndi za amuna.

Tsopano za njala ndi nkhanza. Sindikunamizani kuti kumeneko n'kudya kwa pa ukwati. M'sukulu zambiri zogonera komweko chakudya ndi phala m'mawa, nsima ndi nyemba kapena kabichi masana ndi madzulo, nyama mwa apo ndi apo. Mwana amadandaula sabata zoyamba, ena amalira usiku pofuna amayi awo, koma amazolowera. Inu muli ndi mwayi umene makolo a ku Chitipa kapena ku Nsanje alibe: sukulu ili mumzinda momwemo, minibasi imodzi kapena ziwiri mwafika. Tsiku loyendera ana musamaphonye, ngakhale mutanyamula mtedza wokazinga ndi kabotolo ka tsabola basi. Mwana amene amaona anzake akuchezeredwa iye ali yekha pansi pa mtengo, chimamupweteka kuposa nyemba zija. Kuzunza a Fomu 1 n'koletsedwa m'sukulu zonse, ndipo wopezeka akuchita zimenezo amalangidwa, ngakhale kuchotsedwa kumene. Tsiku lotsegulira mukadziwane ndi ametironi komanso mphunzitsi wa kalasi lake, mutenge nambala zawo, ndipo mwanayo mumuuze pamaso pawo kuti china chikamuvuta asabise. Musaiwale kumulongedzera zokwanira zogwiritsa ntchito akakhala kumwezi. Ambiri amachita manyazi kupempha, ndiye amangojomba m'kalasi n'kunamizira mutu.

Ndalama ndiye nkhani imene ndikuganiza kuti ikuwasowetsa tulo bambowo, ngakhale aikuta ndi zifukwa zina. Musangomva za m'maluwa, pitani ku sukuluko mukatenge kalata yosonyeza zolipira pa teremu ndi mndandanda wa zofunika. Teremu yoyamba ndiyo imaluma chifukwa muli yunifolomu, nsapato, zofunda, neti, ndowa ndi sutikesi, koma zambiri mwa izi mumagula kamodzi. Kenako muwerengerenso za sukulu yoyendera: thiransipoti ya tsiku ndi tsiku, kandalama kodyera masana, chakudya chimene akanadya pakhomo, ndi fizi ngati ili yapulaiveti. Mudzaona kuti kusiyana si kwakukulu monga mmene kumamvekera. Zikavuta, kafunseni za mabasale ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo, kwa mphunzitsi wamkulu, ndi ku mpingo kwanu. Mabungwe monga CAMFED ndi FAWEMA akhala akuthandiza atsikana ovutika, ndipo sukulu imadziwa amene akugwira ntchito m'dera lake. Ngati muli mu banki mkhonde yambani kusunga za teremu yachiwiri lero, koma katapila yekha mupewe. Kumbukiraninso kuti malo akapanda kutengedwa pa nthawi yake amapatsidwa kwa wina, ndipo kuwapezanso n'kovuta.

Pali chimodzi chimene ndikufuna muchigwiritse, chifukwa makolo ambiri akangomusiya mwana pa geti la sukulu yotchuka amapinda manja kuti zatheka. Dzina la sukulu sililemba mayeso. Unamwino umene akuufunawo umayambira pa maphunziro amene adzasankhe akamalowa Fomu 3, atatha JCE. Pa MSCE magiredi amayambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino kwambiri, ndipo kuti alowe yunivesite ya boma kudzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE amafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Koma a zaumoyo sangoyang'ana kuchepa kwa mapointi, amafuna Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Ndaonapo ana a mapointi okongola akulira mu ofesi mwanga chifukwa anathawa Physics mu Fomu 3 potsatira mnzawo wa pa bedi loyandikana, ndiye khomo la unamwino linatsekeka kalekale iwo osadziwa. Lipoti likamabwera musamangofunsa kuti wakhala nambala chani, muziyang'ana maphunziro anayi amenewa.

Akawagwira bwino, njira zili pompano. Yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, ili ndi nthambi yake pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Kuli Malawi College of Health Sciences, kulinso makoleji a mipingo monga ya ku Nkhoma. Akadzasintha maganizo, maphunziro omwewo adzamulowetsa ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda, kapena ku Nalikule kukaphunzira uphunzitsi wa sayansi. Ofika ku yunivesite amathanso kupempha ngongole ya maphunziro ku bungwe la HESLGB. Mumuuzenso kuti Pulofesa Address Malata anayambira pa unamwino womwewu, natsogolera Kamuzu College of Nursing, mpaka anadzakhala mkulu wa yunivesite ya MUST ku Thyolo.

Iwe mwanawe, ngati amayi akuwerengera izi: kumeneko ukapeza anzako ochokera m'nyumba za mipanda, obwera ndi zikwama zodzaza ndi zakudya za m'shopu. Usakachite manyazi ndi mandasi a amayi ako, ndipo usakalandire mphatso za amuna ofuna kukugulira zimene makolo ako sangathe. Teremu yoyamba mwina sukakhalanso nambala wani monga unazolowera ku pulayimale, chifukwa aliyense m'kalasimo anali nambala wani kwawo. Zisakakufoole, ukafunse pamene sunamve.

Bambo akewo musalimbane nawo pamaso pa ana. Dikirani adye, mtima ukhale pansi, muwaonetse kalata ya fizi ndi mawerengero anu, ndipo ngati pali amalume kapena mkulu wa mpingo amene amamumvera, mumupemphe akhalepo. Pa geni ya mandasi gawirani ntchito anyamata a m'nyumbamo, manja ali nawo. Tsiku lotsegulira muwapemphe bambowo kuti anyamule okha sutikesi ya mwana wawo, akaone ndi maso awo pogona pake, akapatsane moni ndi ametironi.