Musanasese dalaivala wa serial, funsani amene anaika zinyalalazo

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina amene wayamba kuwerenga khodi ya Linux kernel, mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya Linux. Akuti mu foda ya drivers/tty/serial wapeza madalaivala (timapulogalamu tolankhulitsa kernel ndi zipangizo) ambiri osasamalidwa, ndipo akufunsa ngati angayambe kuwayeretsa kuti dzina lake lioneke mu kernel. Achimwene, mwandikhudza pa chilonda.

Zaka zapitazo ndinkasamalira kakompyuta kolumikizidwa ndi sikelo yoyezera matumba a chimanga pa depoti ina. Sikeloyo inkatumiza manambala pa waya wa serial (wotumiza uthenga pang'onopang'ono motsatizana) wa mtundu wa RS-232, pa liwiro la ma bit 9600 pa sekondi. Tsiku lina, ndikuyang'ana dalaivala wake m'kope lathu la kernel, ndinapeza kamzere kouza makina kuti adikire pang'ono asanawerenge register ina (kamalo kosungira nambala mu tchipi). Panalibe ndemanga yofotokoza chifukwa chake. Ndinangoti izi ndi zinyalala za munthu waulesi, n'kukafufuta. Zonse zinakompaila (khodi inasanduka pulogalamu) bwinobwino, ine n'kudzitama chamumtima. Patapita masiku atatu, thumba la makilogalamu 50 linayamba kuoneka ngati la 5, chifukwa nthawi zina ziro inkatayika panjira. Kalaliki wa pa depoti anandiyang'ana ngati ndagwirizana ndi akuba. Ndinagona m'ofesi usiku umenewo, tochi ili kukamwa, mpaka ndinabwezeretsa kamzere kaja.

Kuyambira pamenepo ndimakwiya ndikamva mawu akuti "kuyeretsa" pa madalaivalawa. Tchipi choyendetsa serial cha 8250 chinalowa mu IBM PC ya 1981 chikungosunga byte imodzi (chilembo chimodzi) yolandira. Kenako kunabwera 16550A yokhala ndi FIFO (mzere wosungira zilembo zodikira) ya ma byte 16, ndipo makampani ambirimbiri anapanga tchipi tawo tofanana nayo, kalikonse ndi khalidwe lake loipa. N'chifukwa chake dalaivala wa 8250 wadzaza ndi mizere yooneka yopusa. Yambiri ndi zipsera: wina anavutika ndi tchipi chenicheni mpaka anapeza chothetsera vutolo, kenako anasintha ntchito osalemba chifukwa. Amene amakonza mipata ndi mabulaketi pa khodi ya chipangizo chimene sanachionepo ndi maso akungopatsa ntchito anthu owunika mapatchi (zosintha za khodi zimene anthu amatumiza), omwe ndi ochepa kale. Ndikunena izi mosabisa.

Ena amati serial inafa kalekale. Bodza. Rauta kapena kakompyuta kakang'ono ka purosesa ya ARM kakakana kuyaka, sikirini ili bii, chimene chimakuuzani pamene pavuta ndi timawaya titatu ta serial pa liwiro la 115200. Ine kachingwe kanga ka USB kupita ku serial sikachoka m'chikwama, kali pamodzi ndi makiyi a nyumba. Koma dziwani kuti madalaivala a tizingwe timeneti ali kwina, mu drivers/usb/serial, ndipo amawayang'anira ndi Johan Hovold.

Ngati mukufuna kuona kuyeretsa kwenikweni, onani ntchito ya Jiri Slaby, amene amayang'anira gawo la TTY (gawo la kernel limene muli madalaivala a serial) limodzi ndi Greg Kroah-Hartman. Mu 2021 sanavutike ndi kupukuta madalaivala a cyclades, isicom ndi rocket. Anawachotseratu, chifukwa makhadi ake anali akalekale ndipo analibe wowasamalira. Kwa ine, kuika maliro a dalaivala wakufa n'kwaulemu kuposa kumudzoza mafuta. Pa amoyo, iye anachita zina: analemba njira imodzi yotumizira zilembo, uart_port_tx, kuti madalaivala ambiri asiye kubwereza khodi yofanana aliyense mwa njira yake. Ntchito yotere imafuna munthu amene wawerenga madalaivala makumimakumi, osati limodzi.

Ndiye muyambire pati?

Sankhani dalaivala wa chipangizo chimene muli nacho patebulo. Ngati mulibe, QEMU, pulogalamu yoyerekeza kompyuta, imayerekeza 16550A. Onani mu fayilo ya MAINTAINERS ngati dalaivalayo walembedwa kuti Orphan (wopanda womusamalira), ndipo scripts/get_maintainer.pl ikuuzani oti muwatumizire. Mzere uliwonse wokukwiyitsani, muyambe mwaufufuza ndi git blame, imene imaonetsa amene anausintha komaliza ndi patchi yake. Patchi imodzi isinthe chinthu chimodzi, ndipo ngati mwangokompaila osayesa pa chipangizo chenicheni, lembani zimenezo m'patchimo.