Kwa achemwali a ku Santhe: nsima ikamaima pachifuwa

Achemwali, mwati bambo atha miyezi iwiri nsima ikuwaima pachifuwa, nyama adasiya kale, pano angotsala ndi phala, ndipo abale akuti adawadyetsa. Chonde musadikire tsiku loti madzi nawo akane kutsika. Pitani nawo kuchipatala cha boma pa Kasungu sabata ino. Mukafotokoze bwino kuti zidayamba ndi zakudya zolimba, tsopano zafika pa zofewa, komanso kuti thupi likutha. Mukangoti "akudwala m'mimba" nkhani yeniyeni ibisika.

Ine ndidaperekeza malume anga ku Kamuzu Central ku Lilongwe titapatsidwa kalata. Kumeneko amalowetsa kapaipi kofewa ka kamera kudzera m'kamwa, amati endoscopy, munthu asanadye kanthu. Akaona chotupa amatsinako kanyama kochepa ngati njere ya mapira n'kukakapima. Kanyama kameneko ndi kamene kamanena zoona.

Zotupa za kummero sizifanana. Zambiri kwathu kuno ndi khansa yotchedwa squamous cell, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa imeneyi yavuta kwambiri padziko lonse. Koma ziliko zina zosowa. Leiomyoma si khansa, imamera mu mnofu wa khoma la kummero, ndipo ikakula amaichotsa pa opaleshoni munthu n'kuyambanso kudya nsima yake. Ina ndi GIST, imene kuwonjezera pa opaleshoni ili ndi mapiritsi otchedwa imatinib. Ziwirizi zimabisala mkati mwa khomalo, n'chifukwa chake nthawi zina amafunanso CT scan, makina ojambula m'kati mwa thupi. Kwa amene ali ndi HIV, nthawi zina ndi mafangasi oyera omwe amapweteka pomeza, ndipo amatha ndi mankhwala. Nanga zonsezi munthu ungazisiyanitse uli pakhonde?

Ife ndi malume aja tidachedwa, tidataya miyezi ndi mphini. Pofika kumeneko inali khansa yoti yafalikira. Adawaika kapaipi kotsegula njira kotchedwa stent, ndipo ndimakumbukirabe m'mene adamalizira kapu ya phala tsiku lotsatira, misozi ili m'maso, atakhala masabata akulavula malovu m'kachitini.

Podikira ulendo, apatseni phala lamadzimadzi lothira nsinjiro, mkaka kapena dzira, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, atakhala tsonga. Lizizireko kaye, tiyi naye asakhale wowotcha. Kachasu ndi fodya asiyiretu. Ndipo musaiwale kabuku kawo ka kuchipatala ponyamuka.