Chokoleti chothira m'mabisiketi: tembenuzani kaye pepala lake

Mwati mabisiketi anu akumatuluka otsekemera mopyola muyezo, ndiye mukufunsa chokoleti choyenera. Ndikuganiza kuti mukuthira cha mkaka. Mtanda uli kale ndi shuga wambiri, ndiye kuonjezerapo chimenecho n'kungothira shuga pa shuga. Gulani chakuda, cha koko wapakati pa 55 ndi 70 peresenti. Kuwawira kwake n'kumene kumachepetsa kutsekemerako. Chopitirira 80 peresenti ana amachilavula, ndinaziona ndekha.

Musanagule, werengani kuseri kwa pepala. Ngati m'malo mwa mafuta a koko alemba mafuta ena a zomera, chisiyeni. Chimenecho sichisungunuka bwino mkamwa, chimamata kunkhama ngati kandulo.

Timibulu ta chokoleti togula topangiratu tija timakhala ndi mafuta a koko ochepa, n'chifukwa chake timatuluka mu uvuni tili chimodzimodzi. Ine ndimakonda kugula chathunthu n'kuchiwaza ndi mpeni, zidutswa zazikulu ndi zazing'ono, ngakhale tinyenyeswa tomwe. Mukamanyema bisiketi yotentha, chokoleticho chimanyululuka pakati.

Choyera chija chilibe ufa wa koko, ndipo chimapserera msanga. Mukachifunabe, chepetsaniko shuga mumtandamo.