Tsiku limodzi likwana kukaona anamgumi ku San Juan Islands?

Achimwene, mwafunsa ngati tsiku limodzi likwana kuchoka ku Anacortes, tauni ya m'chigawo cha Washington ku America, kukaona anamgumi n'kubwerako, eya likwana koma mulawirire. Kwerani sitima ya Washington State Ferries yam'mawa yopita ku Friday Harbor, tauni ya pa chilumba cha San Juan, ulendo wake ndi wa ola limodzi ndi kanthu, ina imayima kaye pa zilumba za Lopez, Shaw ndi Orcas ndiye imachedwerapo. Ngati mukupita ndi galimoto bukiranitu malo pa intaneti makamaka June mpaka August, anthu amachuluka heve.

Mukafika pitani ku Lime Kiln Point kumadzulo kwa chilumbacho, pamenepo ma orca, omwe ndi mtundu wina wa anamgumi, mutha kuwaona muli pamtunda akudutsa mu Haro Strait, ineyo ndimapakonda kuposa boti chifukwa nyamazo sizisokonezeka ndi phokoso la injini. Ma orca a magulu a J, K ndi L amadalira nsomba za Chinook zomwe zachepa kwambiri, mu 2005 boma la America linawaika pa mndandanda wa nyama zomwe zitha kutheratu, zimandikhudza ndithu. Mwina simuwaona tsikulo, musakhumudwe, anamgumi a mtundu wa humpback nawonso amabwera.

Tengani jekete, mphepo yapanyanja imazizira ngakhale kuli dzuwa. Sitima yomaliza yobwerera muyionetsetse nthawi yake.